Kupanga bellcrank ya ndege yaing'ono ndi mabulaketi ake

M'phiko la ndege yaing'ono, monga ma RV a kampani ya Van's Aircraft omwe anthu amadzimangira okha m'magalaja ku America, ku Britain ndi ku South Africa, muli kachipangizo kotchedwa bellcrank. Ndi kachitsulo ka manja awiri kozungulira pa bawuti imodzi. Woyendetsa ndege akapendeketsa ndodo yowongolera, ndodo ina yaitali yochokera m'thupi la ndege imakankha dzanja limodzi, ndipo dzanja linalo limakankha kandodo kakafupi kopita ku aileron, kachigawo ka kumbuyo kwa phiko komwe kamakwera ndi kutsika kuti ndege ipendekeke. Bellcrank siikhala yokha. Imapanidwa pakati pa mabulaketi awiri, ili ndi beringi pakati pake, ndipo pali bawuti, mawasha, nati ndi ma rod end, timitu ta beringi tomangidwa kumapeto kwa ndodo. Zonsezi mumazipangira pathebulo, n'kuziyesa, musanazilowetse m'phiko.

Ndasankha chipangizo chimenechi chifukwa chili ndi malo onse atatu omwe zitsulo za ndege zimakonda kulepherera: pabowo, popindidwa, ndi panati. Chitsulo sichithyoka kawirikawiri pakati posalala. Ntchito yonse yomwe ndikufotokozayi ndi yosamalira malo atatuwo.

Choyamba dziwani mtundu wa ndege yanu. Ngati ndi yopangidwa kufakitale, monga Cessna 172, simungangosula chitsulo n'kuchimangapo. Zipangizo zake zimabwera ndi chikalata, FAA Form 8130-3 ku America kapena EASA Form 1 ku Ulaya, ndipo kusintha kulikonse kumafuna mapulani ovomerezeka ndi siginecha ya injiniya wa chiphaso. Malangizo awa ndi a ndege zomanga wekha, zomwe ku America lamulo limati womanga akhale atagwira yekha gawo loposa theka la ntchito. Ngakhale pamenepo ufulu uli ndi malire. Ku Britain, bungwe la Light Aircraft Association limayenera kuvomereza kusintha kotere, ndipo woyendera wake amabwera kudzaona. Kulikonse komwe muli, lemberani amene anajambula ndegeyo ndi ofesi yoona za ndege musanayambe. Achinyamata ophunzira kumanga ma drone, monga a ku African Drone and Data Academy yomwe inatsegulidwa ku Lilongwe mu 2020, apeza kuti kaganizidwe kake n'kamodzimodzi, kungoti manambala ndi ochepa.

Yambani ndi mphamvu, osati ndi chithunzi

Funso loyamba ndi lakuti: ndi mphamvu yochuluka bwanji yomwe idutse m'chipangizochi, ndipo ilowera pati n'kutulukira pati? Malamulo akale a FAA, ofesi yoona za ndege ku America, otchedwa Part 23, omwe analembedwanso mu 2017 koma omanga ambiri amawatsatirabe, amati munthu angakankhe ndodo yowongolera cham'mbali ndi mphamvu yofika mapaundi 67, pafupifupi 300 N (N ndi newton, muyeso wa mphamvu). Chokokera kumbuyo ndi mapaundi 167, ndipo chopondera ndi phazi ndi mapaundi 200. Ife tikufuna yam'mbaliyo.

Tiyerekeze kuti dzanja la woyendetsa lili mamilimita 500 kuchokera pomwe ndodo imazungulira, ndipo ndodo yopita kuphiko yamangidwa mamilimita 100 kuchokera pomwepo. Mphamvu ichuluka kasanu, kufika 1,500 N. Imeneyi ndiyo mphamvu yaikulu yomwe chipangizo chiyenera kusenza osapindika n'komwe. Ichulukitseni ndi 1.5, malire a chitetezo omwe ndege zimamangidwira, mupeza 2,250 N. Pa zitsulo zolumikizira ngati mabulaketi malamulo amawonjezeranso 1.15, ndiye tafika pafupifupi 2,590 N.

Apa pali malo omwe ambiri amaphonya. Manja awiri a bellcrank akakhala ofanana kutalika ndi opingasana pa madigiri 90, bawuti yapakati siisenza 2,590 N yokha ayi. Ndodo zonse ziwiri zikuikankha, ina uku ina uku, ndipo mphamvu ziwirizo zikaphatikizana zimachuluka ka 1.41, kufika pafupifupi 3,660 N. Bulaketi iliyonse itenga theka, 1,830 N. Lembani manambala onsewa m'kope, pamodzi ndi mmene mwawapezera, chifukwa woyendera adzafuna kuwaona.

Tsopano yesani chitsulo papepala. Tinene kuti bawuti yapakatiyo ndi ya nambala AN4, yonenepa mamilimita 6.35. Ikadutsa m'lata lokhuthala mamilimita 1.6, malo omwe ikutsamira ndi pafupifupi masikweya milimita 10, ndiye 1,830 N kugawa ndi 10 ikupatsani pafupifupi 180 MPa (MPa imodzi ndi 1 N pa sikweya milimita imodzi). Aluminiyamu wa 2024-T3 amaduka mphamvu ikapitirira 400 MPa, choncho pamenepa tili bwino. Dzanja la bellcrank ndiye lofunika kuliyang'anitsitsa. Likakhala lotalika mamilimita 70, lokhuthala 3.2, ndi lotambalala 40 patsinde, kupindika kumalipatsa pafupifupi 210 MPa. Mukalichepetsa kufika 25 kuti lioneke bwino kapena lipepuke, nambala imalumpha kudutsa 540 MPa, ndipo lithyoka. N'chifukwa chake ine ndimakonda bellcrank yamakona atatu yodzaza pakati kusiyana ndi yooneka ngati chilembo cha L.

Chitsulo chake

Pali mitundu itatu yomwe mudzakumana nayo kawirikawiri. 2024-T3 ndi wolimba ndipo amapirira kugwedezeka, koma amadyeka msanga ndi dzimbiri, n'chifukwa chake malata ake ambiri amabwera atakutidwa ndi kachikopa ka aluminiyamu weniweni, kotchedwa Alclad. Sawotchereredwa. 6061-T6 ndi wofookerapo, amaduka pafupifupi pa 310 MPa, koma amapindika mosavuta, sachita dzimbiri msanga, ndipo ndi amene kampani ya Zenith imamangira ndege zake. Chachitatu ndi chitsulo cha 4130, cha zipangizo zowotcherera. Wina adzakuuzani za 7075-T6 kuti ndi wolimba koposa. N'zoona, koma amang'aluka popinda, ndiye musiyeni pa ntchito iyi.

Lata la ndege limabwera ndi zilembo za inki zosindikizidwa pamwamba, zonena mtundu, kakhwimitsidwe ndi kukhuthala kwake. Lata lopanda zilembo, kapena aluminiyamu wa mafelemu a mawindo wa kuhadiweya, musamuyike pandege ngakhale aoneke wokongola bwanji. Simungadziwe mphamvu yake ndi maso. Sungani lisiti ndi chikalata cha lata lililonse, ndipo mukadula chidutswa lembani mtundu wake pa chotsalacho nthawi yomweyo.

Katoni kaye

Jambulani pulani, kaya papepala kaya pakompyuta ndi FreeCAD kapena pulogalamu ina. Miyeso yonse ichokere pamalo amodzi, pakati pa bowo la bawuti yozungulirapo, kuti zolakwika zing'onozing'ono zisamaunjikane. Mukatero dulani bellcrank yakatoni kapena yapulayiwudi yopyapyala, ibayeni ndi msomali pakati, muiike m'phiko momwemo, ndipo muiyendetse kuchokera kumapeto kufika kumapeto.

Mukuyang'ana zinthu zingapo. Pamene aileron ili pakatikati, ndodo ikumane ndi dzanja la bellcrank pa madigiri 90, pokhapokha ngati wojambula ndege anafuna dala kuti aileron yokwera iziyenda kwambiri kuposa yotsika, monga zimakhalira pa ndege zambiri. Kumapeto kwa ulendo wake, dzanja ndi ndodo zisayandikire kukhala mzera umodzi wowongoka, chifukwa zikadutsa pamenepo chiwongolero chimakakamira ndipo sichibwerera. Ikani choimitsira cholimba chisanafike pamenepo. Onaninso kuti mutu wa bawuti sukukhudza nthiti ya phiko, komanso kuti sipanala ingalowe. Pakapita zaka munthu wina adzafunika kumasula nati imeneyo kudzera pa kabowo koyang'anira, ndi dzanja limodzi.

Kuwerengera lata musanalipinde

Bulaketi imayamba ili lata lathyathyathya, ndiye muyenera kudziwa kutalika kwake lisanapindidwe. Lata silipindidwa ngati pepala. Popindapo pamayenera kukhala pozungulira, ndipo pa 2024-T3 wokhuthala mamilimita 1.6 radiyasi yamkati ikhale katatu mpaka kasanu kukhuthala kwake. Tisankhe mamilimita 6. Matebulo a zimenezi ali m'chikalata cha FAA cha AC 43.13-1B cha 1998, chomwe chimapezeka mwaulere pa intaneti, ndipo n'chofunika kukhala nacho pathebulo.

Tinene kuti bulaketi yathu ili ndi mwendo wa mamilimita 30 ndi wina wa 40, kuyeza chakunja, ndipo ipindidwa madigiri 90. Pa mwendo uliwonse chotsani radiyasi ndi kukhuthala, 6 kuphatikiza 1.6, ndiye 7.6. Mbali zathyathyathya zitsala 22.4 ndi 32.4. Kutalika kwa lata lomwe lilowe m'chopindikacho mumakupeza motere: chulukitsani radiyasi ndi 0.01743, chulukitsani kukhuthala ndi 0.0078, phatikizani, kenaka chulukitsani ndi madigiri. Apa tikupeza 10.5. Lata lonse likhala 22.4 ndi 10.5 ndi 32.4, pamodzi 65.3. Mukadangophatikiza 30 ndi 40, bulaketi ikadatuluka yaitali ndi mamilimita pafupifupi 5, mabowo onse n'kusemphana.

Polemba palata gwiritsani ntchito maka ya nsonga yaing'ono. Pensulo ayi, chifukwa makala ake amayambitsa dzimbiri pa aluminiyamu. Chokandira chachitsulo chigwiritsidwe pa mzera wodula wokha, womwe uchoke ndi sowo. Mzera wokandidwa popindapo ndi mng'alu woyambidwa kale. Yang'ananinso lata poyera: muona timizere tosonyeza komwe linayendera m'makina a kufakitale. Mzera wopinda upingasane ndi timizereto, usatsatane nato.

Kudula, kusalaza, kupinda

Dulani kunja kwa mzera pang'ono, ndi sowo kapena lumo la malata, n'kumalizitsa ndi tupa. Kenaka pali ntchito yotopetsa yomwe ndikupemphani musaithamangire. M'mphepete monse musalale mpaka chikhadabo chiziyenda osakodwa. Makona onse akunja azungulizidwe, ndipo kona yamkati isakhale yakuthwa: boolani bowo pamenepo kaye, mizere yodula ikathere m'bowolo. Pomwe mizere iwiri yopinda ikukumana muchitenso chimodzimodzi. Sandipepa akhale wa aluminium oxide, ndipo burashi yawaya wachitsulo isakhudze aluminiyamu.

Chifukwa chake ndi kutopa kwa chitsulo. Mwana wopanga galimoto yamawaya amadziwa kuti waya wokanika kuduka pokoka amaduka ukamupinda uku ndi uku kangapo, ndipo amadukira pomwe panali kachilema. Ndege imagwedezeka nthawi yonse yomwe injini ikulira, ndipo aluminiyamu amawerenga kugwedezeka kulikonse. Mu 1954 ndege ziwiri za de Havilland Comet zinasweka m'mwamba, imodzi pafupi ndi chilumba cha Elba mu Januwale, ina pafupi ndi Naples mu Epulo, konseko ku Italy. Akatswiri a ku Farnborough, ku Britain, anamiza thupi la Comet ina m'thanki ya madzi, n'kumalipopa ndi kuliphwetsa mobwerezabwereza mpaka linang'ambika. Anapeza kuti ming'alu imayambira pa mabowo ang'onoang'ono oyandikira makona a mawindo ndi malo ena odulidwa, pomwe mphamvu imaunjikana.

Ngati mulibe makina opindira, matabwa awiri olimba ndi vayisi zikwanira. Palani mphepete mwa thabwa limodzi kuti muzungulire pa radiyasi ya mamilimita 6, ndipo mulipendeketse pang'ono kupitirira madigiri 90, poti 2024-T3 amabwerera ukamusiya. Panani lata pakati, ikani kathabwa kena pamwamba pa mwendo wopindidwawo, ndipo menyani kathabwako ndi nyundo yapulasitiki pang'onopang'ono, kuyenda uku ndi uku. Yesani kaye pa kachidutswa kotsala. Musatenthe lata ndi moto kuti lifewe, chifukwa mphamvu yomwe munawerengera ija imachokera ku kakhwimitsidwe kake, ndipo moto umaichotsa osasiya chizindikiro. Mukapinda mopitirira, musawongole n'kupindanso. Dulani lina. Pomaliza yang'anani kunja kwa chopindikacho ndi galasi lokuza kakhumi. Mng'alu ngakhale waung'ono ngati tsitsi, bulaketiyo yatha ntchito. Kumbukirani kuti mabulaketi awiriwa ndi lamanja ndi lamanzere, sapindidwira mbali imodzi.

Mabowo ndi mariveti

Bowo la bawuti yapakati liboolidwe mutapinda kale, mabulaketi onse awiri atapanidwa pamodzi, pa makina oboolera oimirira kuti likhale lowongoka. Boolani locheperapo, n'kumalizitsa ndi reamer, chida chosalazira bowo, mpaka bawuti izilowa ndi chala koma osagwedera. Kuchokera pakati pa bowo kufika m'mphepete pakhale kawiri kunenepa kwa bawuti.

Riveti yodziwika ndi AN470AD4, ya mutu wozungulira wokhala ndi kadzenje pakati, yonenepa mamilimita 3.2. Bowo lake limabooledwa ndi chiboolera cha nambala 30. Malamulo ake ndi awa: kuchokera pakati pa bowo kufika m'mphepete, kawiri kunenepa kwa riveti, ndipo kawiri ndi theka ngati mutu wake ndi wobisika. Pakati pa riveti ndi inzake pasachepere katatu, koma kanayi mpaka kasanu ndi kamodzi ndiye pabwino. Riveti imodzi yotere mutha kuiwerengera 1,400 N ikamadulidwa chopingasa. Pa 1,830 N yathu ziwiri zikadakwana papepala, koma mphamvu siidutsa pakatikati pa mariveti, imafuna kupotoza bulaketi, choncho ikani zinayi kapena zisanu motalikirana. Konzani bulaketi mwakuti mariveti azidulidwa chopingasa, asamakokedwe mitu, chifukwa riveti siilimba pokokedwa. Pomwe kukoka sikungapeweke, ikani bawuti.

Boolani mabowo pabulaketi ndi chiboolera chocheperapo cha nambala 40 kaye. Iikeni pamalo pake m'phiko bawuti yapakati ili m'kati, boolani bowo limodzi kudutsa zonse, lowetsani Cleco, kachopanira kosakhalitsa kolowa m'bowo, boolani lina, Cleco inanso. Zonse zikakhala bwino, kuzani ndi nambala 30. Masulani, chotsani timinga ta m'mphepete mwa bowo lililonse mbali zonse ziwiri pozunguza ndi zala nsonga ya chiboolera chachikulu, kamodzi kapena kawiri basi, ndipo sesani tizidutswa tonse. Kachidutswa kotsala pakati pa malata kamalepheretsa kuti agwirane.

Penti yoteteza dzimbiri imapakidwa tsopano, musanamenye mariveti, kuti ifike pomwe malata akugundana. Tsukani mafuta, pakani mankhwala oteteza aluminiyamu a Alodine ngati muli nawo, kenaka pulayima ya epoxy kapena zinc chromate yopyapyala. Mankhwalawa ndi oopsa m'mapapo ndi pakhungu, valani magolovesi ndi chotchinga mphuno choyenera, ndipo mugwirire ntchito podutsa mphepo.

Riveti ituluke kuseri kamodzi ndi theka kunenepa kwake. Ikamenyedwa bwino, mutu watsopanowo umatambalala kamodzi ndi theka ndipo umatalika theka. Menyani maulendo ochepa koma mwamphamvu, chifukwa kugogoda kambirimbiri kumaumitsa riveti n'kuing'alula. Yopendekeka kapena yong'aluka ichotsedwe: boolani mutu wokha, uthyoleni, n'kukankha thupi lake, osakulitsa bowo.

Bawuti ndi nati

Pa 10 Juni 1990 ndege ya British Airways, BAC One-Eleven yochokera ku Birmingham kupita ku Málaga, inathothoka galasi lakutsogolo ili m'mwamba, ndipo kaputeni anakokedwera kunja mpaka m'chiuno, anzake atamugwira miyendo kufikira anatera ku Southampton. Anapulumuka. Mwa mabawuti 90 a galasilo, 84 anali ochepa kunenepa ndi mamilimita 0.66 okha, ndipo 6 anali aafupi. Anasankhidwa poyerekeza ndi maso. Bawuti ya ndege imasankhidwa ndi nambala yake ndi choyezera, ndipo ya kuhadiweya siilowa m'nkhani ino.

Sankhani bawuti yoti mbali yake yosalala idutse m'mabulaketi ndi m'beringi monse, mazinga ayambire kunja. Ikatalika pang'ono onjezerani washa, osapitirira atatu. Nati ikamangidwa, zinga limodzi lathunthu lioneke kunja kwake. Mangani ndi sipanala yoyeza mphamvu, mazinga ali ouma: AN3 ndi ma inch-pound 20 mpaka 25, AN4 ndi 50 mpaka 70. Manambala amenewa ndi ochepa kuposa mmene dzanja lozolowera magalimoto limafunira, ndipo bawuti zambiri zazing'ono zimawonongeka ndi kumangitsa.

Mtundu wa nati umadalira chomwe chikuzungulira. Ngati bawuti yapana mphete yamkati ya beringi ndipo yokha siiyenda, nati yodzitsekera ya AN365 ndi yololedwa. Ngati chipangizo chikuzungulira pa bawuti penipeni, ikani nati yamipata ya AN310 ndi kapini katsopano, chifukwa kuzungulirako kungamasule nati pang'onopang'ono. Nati ya nayiloni isayandikire malo otentha kupitirira madigiri 120 a Celsius, ndipo yomwe ikulowa ndi zala itayidwe. Ma rod end ambiri ali ndi kabowo koyesera: kawaya kakadutsa, ndiye kuti mazinga sanalowe mokwanira. Mangani nati yotsekera, ndipo kunja kwa rod end ikani washa wamkulu wa AN970, kuti beringi ikaguluka ndodo isavuke pabawuti. Mukamaliza nati iliyonse, ikani kadontho ka penti kolumikiza nati ndi bawuti, kuti ikasuntha muone.

Kuyesa

Pangani magulu awiri a zipangizozi, limodzi loyesera, lina la pandege. Mangani loyeseralo pa chimango cholimba mmene likakhalire m'phiko, tsekerezani dzanja limodzi, ndipo pa linalo pachikani matumba a mchenga oyezedwa pasikelo. Onjezerani pang'onopang'ono mpaka makilogalamu 153, omwe ndi 1,500 N yathu ija. Tsitsani, n'kuyeza: pasakhale chopindika chotsalira, bowo lotambasuka kapena riveti yogwedera. Kenaka pitani pa makilogalamu 230, omwe ndi 2,250 N ija. Apa chitsulo chitha kupindika, koma chigwire masekondi atatu osathyoka. Mapazi anu akhale kutali ndi pansi pa matumbawo. Yesani mbali zonse ziwiri, kukoka ndi kukankha, popeza bulaketi yopyapyala imatha kupirira kukokedwa koma n'kukhwinyata ikakankhidwa. Gulu loyeseralo lilembeni ndi penti yofiira ndipo lisakwere pandege.

Mukamanga lenileni m'phiko, yendetsani chiwongolero mbali zonse mnzanu akukaniza aileron ndi dzanja, mukumvetsera kukhulana kulikonse. Yezani madigiri okwera ndi otsika, muwafanizire ndi a wojambula ndege. Ndodo ikapita kumanzere, aileron yakumanzere ikwere, yakumanja itsike. Nenani mokweza mukuyang'ana, chifukwa ndege zagwapo pa ulendo woyamba zitalumikizidwa mosemphana. Werengani zida zanu zonse musanatseke phiko. Pomaliza itanani munthu wachiwiri wodziwa ntchito, yemwe sanagwireko, ayang'ane nati iliyonse ndi kapini kalikonse payekha, monga amachitira ku Britain pa chilichonse chokhudza chiwongolero, ndipo nonse awiri musayine m'buku la ndege, pamodzi ndi nambala ya pulani, mtundu wa lata ndi zotsatira za kuyesa kuja.